Seva Yopanda Mwini

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga ndi wa ana onse kumeneko. Kodi msana uja unasiya kukuvutitsani? Nanga kamtsikana kanu kotsiriza kaja kanayamba sukulu, kapena kakadali kukakamira siketi ya mayi ake? Kuno ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye uli m'mwamba. Za abambo ndikuuzani m'munsimu, ndipo chonde musadumphe mizere monga mwa chizolowezi chanu.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole amene amadutsa kufupi ndi kumunda kwanuko. Zochititsa manyazi ndithu, munthu amene munkalumikiza maofesi onse a kampani, lero mulibe ndi foni yomwe yoti mlongo wanu akupezerenipo. Ndamuuza kuti akupatseni m'manja ndipo asachoke mpaka mumupatse yankho, ngakhale adandaule bwanji.

Mukudziwa kuti chichokereni inu, mpando woyang'anira makompyuta pakampani yathu yogulitsa mankhwala ija unagwera ine. Bwana wa zachuma amene anakuchotsani ntchito uja akadalipo. Masiku ano tonse timangowatchula kuti a Sizasi, chifukwa chilichonse chimene achiona, maso awo amayamba kufuna poti adule.

Chaka chino anabwera ndi ganizo lakuti zonse tisamutsire ku kilaudi, ndiye kuti tizibwereka malo m'makompyuta a makampani akuluakulu m'malo mosunga athu. Chipinda cha maseva chija, makompyuta akuluakulu osunga zonse za kampani, chozizira chija munkabisalamo pothawa misonkhano, anati tichibweze kwa mwini nyumba. Ndisaname, ganizolo ndinagwirizana nalo. Chipindacho chimadya magetsi usana ndi usiku, makina oziziritsa aja amafa mwezi ndi mwezi, jenereta nayo imafuna mafuta ake, osanena za malayisensi a zinthu zimene palibe akuzigwiritsa ntchito.

Tinasamutsa za malipiro, za katundu wa m'sitoko, maimelo, zonse bwinobwino. Chinatsala ndi seva imodzi yakale, yotuwa, ili pansi pakona kuseri kwa chitseko, fani yake ikulira ngati munthu wa chifuwa. Panalibe dzina, panalibe chizindikiro chilichonse. Ndinayenda ofesi ndi ofesi kufunsa mwini wake, koma aliyense ankangogwedeza mapewa.

Tsono ndinachita mwambo wathu wa ntchito uja, umene inu nomwe munandiphunzitsa: chinthu chikasowa mwini, chitsekeni, mudikire amene alire. A Sizasi atamva njirayi anaikonda zedi, mpaka anaseka, amvekere wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Koma pali pamene ndinaphonya. Inu munkati pa makina okalamba tizingozula nthambo ya netiweki, magetsi tiziwasiya, chifukwa nkhalamba ikagona sudziwa ngati idzuke. Tsiku limenelo a Sizasi anaima pakhomo, manja m'thumba, n'kunena kuti akufuna amve ndi makutu awo fani ikutonthola, chifukwa phokoso limenelo ndi ndalama zikupsa. Ine ndi mantha anga a ntchito ndinadina batani lozimitsira. Chipinda chinangoti zii.

Tinadikira wolira. Sabata inatha, ina inatha, mwezi unadutsa. Palibe foni, palibe imelo, palibe ngakhale wodandaula m'khonde. Pamsonkhano a Sizasi anandiyamikira pamaso pa mabwana onse, ndipo ine chitsiru ndinamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

Lamulungu lina ndinapita kukaona abambo. Ndinawapeza atakhala pampando wawo uja wa pazenera, nsapato imodzi atavala, inayo ikukana chifukwa phazi linali litatupa. Atandilonjera, mawu awo ankakoka ngati lilime lalemera, ndipo kapu ya madzi inawapulumuka m'dzanja lamanzere. Nditayang'ana pazenera ndinaona botolo la mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi lili lodzaza mpaka kukhosi.

Nditawafunsa chifukwa chimene sakumwera, anandiyankha mosatekeseka kuti adokotala a mufoni aja anasiya kuwatumizira uthenga wa m'mawa. Iwo anaona ngati ndiye kuti nthawi ya mankhwala yatha, achira. Anawonjezera kuti sanafune kuvutitsa anthu ndi mafunso, poti anthu amakhala otanganidwa.

Ndinatenga foni yawo n'kutsegula mauthenga. Analipo ambirimbiri, tsiku ndi tsiku, ofanana: mwadzuka bwanji, musaiwale kumwa mankhwala anu. Pansi pake panali dzina la kampani yathu. Uthenga womaliza unafika m'mawa wa tsiku limene ndinadina batani lija. Achimwene, ndinangokhala pansi pa simenti.

Musadzidzimuke kwambiri, abambo ali moyo. Ndinathamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo, anawagoneka masiku angapo, ndipo pano ali kunyumba. Dzanja lamanzere likadali lofooka, mabatani a malaya akuwavuta, koma akulankhula bwino ndipo ayambiranso kukangana ndi wailesi. Namwino anandiuza kuti ndikanachedwa ndi sabata imodzi, bwenzi tikukamba zina.

Ndi abambo amene anandifotokozera chiyambi chake. Akuti amayi atamwalira, pakhomo panasowa wowakumbutsa mankhwala, ndiye inu munakonza kamakina koti kaziwatumizira uthenga, iwo n'kumakhulupirira kuti mwawalumikiza ndi adokotala. Kenako ogulitsa m'mashopu athu anayamba kufunsa okalamba ogula mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi ngati angakonde chikumbutsocho, n'kumalowetsa manambala awo. Ogulitsa a nthawi imeneyo ambiri anapita limodzi ndi inu, atsopanowa sanamveko n'komwe.

Apa ndiye ndikukwiyirani, ndipo ndili nazo zifukwa. Munalephera bwanji kumata kapepala pamakinapo? Munalephera bwanji kundinong'oneza tsiku limene munkalongedza katundu wanu? Ndikudziwa, munkaopa kuti a Sizasi akazindikira adula, ndiponso munachoka mtima utawawa. Koma taonani tsopano, nkhuyu zodya ana zapota akuluakulu.

Lolemba lake ndinalawirira kuchipinda kuja n'kuyatsa seva ija. Fani inatsokomola n'kuzungulira, ine mtima n'kukhalako pansi. Koma pagalasi panangotuluka mzere umodzi, kufuna mawu achinsinsi otsegulira zonse zimene zili m'katimo. Ndinayesa dzina la amayi, ndinayesa tsiku lanu lobadwa, mpaka dzina la galu wathu wakale uja. Itandichenjeza kuti ndikalakwitsanso idzitsekeratu, ndinachotsapo manja, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chonchija. Zosungira zapadera zimene munkakoperamo za m'sevayo, zomwe ndinapeza mukabati, nazonso n'zokhoma ndi mawu omwewo.

Ndinapita kwa a Sizasi n'kuwauza zonse, osabisa kanthu. Anandimvetsera ndithu, ndipo za abambo anapepesa. Koma anati chikumbutso chimenecho sichili m'pangano lililonse, palibe kasitomala anachilipirira, ndipo kampani sinalonjeze munthu kuti izimudzutsa m'mawa. Nditapempha kuti tiitane akatswiri otsegula makina otere, anandifunsa kuti ndiwalemba pa mutu uti wa bajeti. Pomaliza anandikumbutsa mwaulemu kuti muyeso wathu unali wakuti tidikire wolira, ndipo palibe walira.

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa mtendere. Ife a makompyuta tinazolowera anthu a muofesi, amene imelo ikachedwa pang'ono amakuwa mpaka nyumba yonse imve. Sindinaganizeko kuti pali anthu amene chinthu chikawathawa amangoti ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati abambo athu, okhala ndi mwana pakampani pomwepo, sanandifunse, nanga agogo a kutali amene sadziwa n'komwe kumene uthengawo unkachokera akafunsa ndani?

Sindikudziwa kuti alipo angati. Sindikudziwa mayina awo, kapena kumene amakhala. M'mashopu timadziwa amene anagula mankhwala, koma manambala a amene ankadalira uthengawo ali m'seva imeneyo basi. Ndinapempha ogulitsa kuti azifunsa aliyense wokalamba amene wabwera, ndipo apezekapo ochepa. Koma amene akuganiza kuti achira sakubweranso kushopu, achimwene, ndipo amenewo ndi amene ndikuwaopera.

Masiku ano ndikamva galimoto ya odwala ikudutsa mumsewu wa kuntchito, cholembera chimandigwa m'manja. Ndikaona gogo akutsika basi mopepesuka, ndimamuyang'ana kumapazi ngati atupa. Dzulo ndinatsala pang'ono kufunsa mayi wina wosamudziwa pamzere wa kubanki ngati wamwa mankhwala ake.

Nthawi nayo yatithera. Mwezi uno ukatha chipinda chibwerera kwa mwini wake, ndipo anthu ogula zitsulo zakale anabwera kale kudzaona katundu. Lamulo la kampani ndi lakuti chosungira chilichonse cha m'kompyuta achiboole ndi chitsulo chisanatuluke pageti. Ndinayesa kupempha kuti seva imeneyi itsale, a Sizasi anati ndiwasonyeze kuti ikugwira ntchito, apo ayi ipita limodzi ndi zinzake. Ndaikapo chikwama changa pamwamba pake ngati kuti chingaitchinjirize.

Ndikudziwa munalumbira kuti simudzakhudzanso kompyuta moyo wanu wonse, ndipo kampani imeneyi ikagwa simudzatayapo ndi msozi umodzi. Sindikupempha m'malo mwa kampani. A Sizasi musawakhululukire ngati simukufuna, inenso mundikalipire mmene mungathere, ndalakwa ndipo ndimva. Koma lembani mawu achinsinsi aja pakapepala, mumate bwino, mumupatse dalaivalayo. Ngati mwaiwala pang'ono, musandilembere zongoganizira, chifukwa mwayi watsala ndi umodzi. Zikatero kwerani lole yomweyo mubwere, mwina zala zanu zikumbuka zikaona makinawo. Mudzagona kwathu, pageti ndidzakulowetsani ndine, ndipo bwana uja simudzakumana naye.

Seva ija ikangotseguka, ndikopera manambala onse n'kuyambitsanso uthengawo pamalo atsopano. Ndikakanizidwa, ndiwaimbira mmodzimmodzi pafoni yanga mpaka nditamaliza. Ngati ntchito ithere pamenepo, ithe, ndibwera kudzakuthandizani kulima, ngakhale mukudziwa kuti khasu ndi ine sitinamvanepo.

Abambo sakudziwa kuti ndine ndinazimitsa. Chitulukireni m'chipatala, m'mawa uliwonse ndimawatumizira uthenga uja ndekha kuchokera pafoni ya kuntchito, mawu omwe aja munalemba inu. Tsiku lina ndinawonjezera mawu akuti chonde. Atandiona Lamulungu anandiuza mokondwa kuti adokotala a mufoni aja abwerera, ndipo ulendo uno aphunzirako ulemu. Ndinaseka nawo, kenako ndinapita kukalirira kubafa.

Nditabwerako abambo anandifunsa ngati mnzawo wina amene ankakumana naye pamzere wa mankhwala, bambo wamtali wa ndodo yachitsulo, nayenso wayambiranso kulandira uthengawo. Akuti papita nthawi osamuona. Ndinangowathira madzi m'kapu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti akukankheni ngati mukuzengereza, poti mawu awo ndiye mumawamva. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga. Abambo akuti ndikuuzeni kuti akusowani, ndiponso kuti munthu wamkulu sakhala wopanda foni. Mulungu akusungeni, akupatseni mvula yabwino kumundako, ndipo akukumbutseni mawu aja lole isananyamuke.

Abambo athu ndiwakumbutsa ndekha mawa m'mawa, musadere nkhawa. Koma bambo wa ndodo yachitsulo uja nambala yake ili ndi inu.

Ndine mlongo wanu wamantha,
Mzime wa pakhomo