Galimoto Yonyamula Bambo Ikununkha Waya Wopsa

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba ya makolo anga. Chaka chatha bambo anadwala sitiroko, mbali yonse yakumanzere inafa. Amene ndimapita nawo kuchipatala ku mafizo olimbitsa ziwalo ndine, ndipo galimoto imene ndimawanyamulira ndi ya achimwene anga aakulu. Anandibwereka ndi mtima umodzi, sindingawanamizire. Kungoti galimotoyo amaikonda ngati mwana wobadwa yekha. Ili ndi tebo, chija amati chimakankhira mpweya wambiri mu injini kuti izikoka mwamphamvu, ndipo akayamba kuifotokoza tiyi amazizira m'kapu.

Mwezi uno anagula kageji kozungulira ngati wotchi, koti kazionetsa mphamvu ya teboyo. Anakamanga okha, foni ili pampando ikuwaonetsa kanema wa kamangidwe kake. Ine ndili pa makina ndinkangoona miyendo yawo itatulukira pachitseko. Anaboola kabowo kuchokera ku injini kulowa m'kati, n'kudutsitsapo kapaipi ndi mawaya. Waya wofiira anamusenda ndi mano, n'kumupotera pa mnzake pansi pa chiwongolero, n'kukulunga ndi tepi yakuda. M'kabokosi ka gejiyo munatsala kanthu kapulasitiki. Nditafunsa anaseka: "Ndi fyuzi imeneyo, chemwali. Kageji kochepa chonchi kangadye magetsi angati? Iwe soka madiresi."

Sabata yatha tikuchokera ku mafizo, tili pamzere wa magalimoto, ndinamva fungo ngati la simbi yoiwalidwa pa nsalu ya nayiloni. Kageji kaja kanayamba kuphethira. Kuyang'ana pansi, utsi woonda ukutuluka pafupi ndi bondo langa.

Ndinakhotera pambali n'kuzimitsa. Aphungu, ine kutuluka sikunavute. Koma bambo! Chikuku chawo chinali kubuti, lamba wa pampando atapanikizika pansi pa mkono wakufa uja moti batani lomasulira sindinkalipeza. Ndinawakumbatira kuti ndiwakoke, koma ndi munthu wathupi, sanasunthe. Pamenepo anandiyang'ana, ndi lilime lawo lolemera lija, n'kunena kuti, "Tuluka iwe. Ndisiye."

Dalaivala wa lole imene inali kumbuyo kwathu ndiye anathamanga kudzandithandiza, tinawakhazika pansi m'mbali mwa msewu. Utsi unaleka wokha. Koma mawu a bambo aja sanaleke m'makutu mwanga mpaka lero.

Achimwene atafika anasuzumira, n'kuwonjezera tepi ina pamwamba pa yopsayo, amvekere, "Ndakonza." Kuyambira tsiku limenelo pa dashibodi pakuyakanso kanyali kofiira ka munthu wokhala ndi chibaluni patsogolo pake. Nditawapempha kuti tipite kwa wa zamagetsi a galimoto, nkhope inasintha: "Ngati galimoto yanga ukuiopa, peza yako." Amayi akuti ndichepetse pakamwa, chinthu ndi cha eni.

Pano bambo ayamba kugwedeza zala, ndipo a mafizo anati tisamadumphitse. M'minibasi sangakwere. Koma ndikangogwira kiyi thukuta limandituluka, mphuno ili kalikiliki kufunafuna fungo lija. Kodi ndikukokomeza? Nditani?

E. T. M.

Mayi E. T. M.,

Simukukokomeza ayi. Amati tsoka silinunkha, koma lanuli lanunkha, lafukanso utsi. Galimotoyo musakwezemo bambo, ana, kapena inu nomwe mpaka itaonedwa ndi wodziwa.

Achimwene anu sananame kuti kageji kamadya magetsi ochepa. Pamene alakwitsa ndi apa: fyuzi siiteteza geji, imateteza waya. Waya wodutsa pabowo la chitsulo lopanda labala amakhuzika galimoto ikamayenda. Chikopa chake chikang'ambika n'kukhudza chitsulo, magetsi amathamangira pamenepo, ndipo ngati palibe fyuzi yoti iduke, wayayo amafiira ngati wa mbaula ya magetsi. Tepi yatsopano yangobisa bala.

Lero lomwe pemphani munthu wozolowera kuti amasule mutu wa batire wa chizindikiro chochotsera, injini itazima. Sitikudziwa waya amene analumikizapo. Ngati ndi uja amakhala ndi magetsi nthawi zonse, galimoto ikhoza kuyaka ili chiimire pabwalo, choncho isagone pafupi ndi zenera la bambo.

Wa zamagetsi abwere pakhomo pomwepo, galimoto isamutsatire. Achotse tepi yonse, asinthe waya aliyense wopsa. Geji itenge magetsi ku bokosi la mafyuzi, pamalo oyaka kiyi akapotokoledwa, ndipo ikhale ndi fyuzi yakeyake yaying'ono. Waya wakuda wa gejiyo amangidwe pa bawuti yogwira chitsulo chopanda penti. Pabowo paja palowe labala, ndipo kapaipi kadutse kutali ndi zotentha komanso mapedulo. Kanyali ka chibaluni kakukuuzani kuti thumba la mpweya lotetezera pangozi mwina silingafufume. Mawaya ake nthawi zambiri amakhala achikasu. Amenewo asakhudze wina aliyense, achimwene anu omwe.

Tsopano za munthuyo. Mwamuna amene wamanga chinthu ndi manja ake amamva kuwawa chikanyozedwa pagulu. Mupezeni ali yekha. Musanene kuti achotse geji, nenani kuti imangidwe bwino. Kenako muuzeni zimene bambo ananena pamsewu paja, monga mwandiuzira ine, osachotsa kanthu. Ndikukayika ngati akuzidziwa, chifukwa iye anafika utsi utatha. Amayi nawonso azimve. Akapanda kusunthika ndi zimenezo, mukumbutseni kuti moto ukayaka uyambira pa galimoto yake yokondedwayo.

A mafizo aimbireni, muwauze zoona zake, akupatseni zoti muzichita ndi bambo kunyumba. Funsaninso anansi ndi akumpingo. Wina amene ali ndi galimoto sangalephere kukuthandizani ulendo umodzi kapena iwiri. Ikakonzedwa, muzikhala ndi kachipangizo kozimitsira moto pansi pa mpando, ndipo inu ndi achimwene muyeserere limodzi kutulutsa bambo msanga. Mukadzaonanso utsi, imani, zimitsani, anthu atuluke apite patali. Boneti musaitsegule, mpweya umadyetsa moto.

Akakwiya, alekeni akwiye. Mlongo wokwiya mudzamwa naye tiyi mawa. Koma kiyi ameneyo musamupotokole kufikira wa zamagetsi atanena ndi pakamwa pake kuti tsopano yendani.

Aphungu