Siteshoni Imene Sitima Siimapo

LACHISANU

[09:41] Pei Shan: ankolo Suhaimi ndine Pei Shan, mwana wa a Yeo. adadi ali ndi inu?

[09:42] Pei Shan: pliz yankhani

[09:45] Suhaimi: nambala yako ndili nayo mwanawe. ayi, Teck sali ndi ine. sindinamuone miyezi iwiri, kuyambira tsiku unandiletsa lija

[09:46] Pei Shan: atuluka. ndimasamba, potuluka m'bafa ndapeza khomo lili pululu. foni asiya pa chaja. khofi wawo ali pa tebulo sanamukhudze, sanadye, koma jakisoni wa shuga ndinali nditawabaya kale

[09:46] Suhaimi: nthawi yanji

[09:47] Pei Shan: cha m'ma 8. ndazungulira mafulati onse, ku msika, kometera. apolisi ndawauza

[09:47] Suhaimi: khadi lake la sitima?

[09:49] Pei Shan: ndinalibisa m'chitini cha mpunga. mulibe

[09:49] Suhaimi: kkkk munthu woiwala kuti lero nlachingati koma khadi walifukula mu mpunga

[09:50] Suhaimi: pepa. si nthawi yoseka

[09:50] Suhaimi: taona pa shelefu. makope ake olembamo nambala za sitima ndi masiginolo alipo 41. lomaliza ndi lobiriwira

[09:53] Pei Shan: alipo 40

[09:53] Suhaimi: ndiye kumtunda usavutike. bambo ako ali pansi pa nthaka, ku sitima

[09:58] Pei Shan: ankolo, ndkudziwa ndinakulankhulani moipa tsiku lija

[09:59] Suhaimi: unanena zoona. ndinalowa ku chimbudzi mphindi zitatu, iye nkukwera sitima yekha. amene anamutaya ndine. tikamba tikamupeza. ndikuvala nsapato

[10:36] Suhaimi: (uthenga wa mawu, 0:31) "Ndili pa siteshoni ya Toa Payoh. Ndayamba pano chifukwa mpamene tinakumana ine ndi bambo ako, 1987, tsiku sitimazi zinayamba kuyenda. Anandiponda phazi polimbirana malo pa windo, mpaka lero sanapepese. Ndafika kumapeto konse kuwiri kwa pulatifomu, palibe. Mayi wa pa ofesi ndamupatsa chithunzi, akuti auza anzake a masiteshoni ena."

[10:37] Pei Shan: masiteshoni ake ndi angati ankolo. kuposa 100. tiyambira pati

[10:39] Suhaimi: ndaika chithunzi pa gulu lathu la okonda sitima. ambiri ali ku ntchito koma anayi atuluka

[10:40] Suhaimi: wavala chiyani

[10:41] Pei Shan: malaya oyera a mizere. thalauza la bulawuni. masilipasi a m'bafa

[11:12] Pei Shan: pali nkhani?

[11:20] Pei Shan: ankolo

[11:24] Suhaimi: Dhoby Ghaut palibe. Outram palibe. ndikumapita pamene munthu amatha kusuzumira pa galasi nkuona siginolo m'ngalande yodutsamo sitima. malo ake okonda ndi amenewo

[11:25] Pei Shan: zaka zonsezi sindinamvetse. amaonamo chani? mdima ndi timagetsi tofiira basi. amami anamwalira akudandaula kt anakwatiwa ndi munthu wa m'dzenje

[11:29] Suhaimi: (uthenga wa mawu, 0:44) "Ee, mai ako ankatitcha makoswe awiri. Koma tamvera. Bambo ako wakhala zaka makumi anayi akukonza mawotchi m'kashopu kopapatiza. Pansi pano mpamene anapeza wotchi yaikulu yoti angathe kulowa m'kati mwake. Getsi lililonse lili ndi nambala yake ndi chifukwa chake. Iye amatseka maso, nkukuuza kuti tsopano tikhota, tsopano njanji zipatukana, ndipo phazi lako limamvadi gu-gu. Ine ndimaloweza ndi mutu, iye zili m'thupi."

[11:31] Pei Shan: ndabwerera kunyumba kudzatenga maswiti ndi madzi. kuseri kwa kalendala alembako manambala ambiri, mwina sabata ino

[11:31] Pei Shan: (chithunzi)

[11:33] Suhaimi: yandikitsa pamene wazunguliza ndi cholembera chofiira

[11:34] Pei Shan: (chithunzi)

[11:34] Pei Shan: BB. ndi ndani ameneyo

[11:35] Suhaimi: si munthu. Bukit Brown

[11:35] Pei Shan: ku manda kuja??

[11:38] Suhaimi: ayi usaope. pansi pake pali siteshoni. pokumba njanji ya Circle anasiya malo ake pakati pa Caldecott ndi Botanic Gardens, koma sanaitsegule. sitima imangodutsa mu mdima. wosadziwa saona kanthu. ukaima pa windo lakutsogolo umaona ngalande ikutambasuka pang'ono, basi yapita

[11:39] Suhaimi: sitima za kumeneko zilibe dalaivala, ndiye windo lakutsogolo ndi la aliyense. kapena ndinene kuti ndi la Teck. amakankha ndi ana omwe

[11:40] Suhaimi: iwe pita Botanic Gardens. ine Caldecott. uime kumapeto, uziyang'ana kutsogolo kwa sitima iliyonse

[11:40] Pei Shan: ok ndkupita

[12:21] Pei Shan: ndafika

[12:22] Suhaimi: inenso. zadutsa zitatu. palibe

[12:47] Pei Shan: maso akundipweteka. mutu uliwonse wa imvi ndkuona ngati iwo

[12:48] Pei Shan: ankolo lero nlachisanu. simupita ku mzikiti?

[12:50] Suhaimi: Mulungu amaona ndi pansi pa nthaka pomwe. akudziwa pamene ndaima

[13:09] Pei Shan: apolisi aimba. palibe chatsopano. maola asanu tsopano osadya. shuga akatsika amakomoka ankolo. bwanji ngati agwa pena pake pomwe

[13:09] Pei Shan: sindingathe kumaliza

[13:11] Suhaimi: akanagwa bwenzi tamva. pansi pano sipabisika munthu. yang'ana sitima

[13:33] Suhaimi: NDAMUONA

[13:33] Pei Shan: kuti?? ali bwanji

[13:34] Pei Shan: ankolo

[13:36] Pei Shan: (kuimba kosayankhidwa)

[13:38] Pei Shan: mwakwera nawo? ndayang'ana yomwe yafika pano mulibe

[13:41] Pei Shan: (kuimba kosayankhidwa)

[13:43] Suhaimi: ali moyo, waima yekha. tili mu sitima yolowera ku Bishan, mbali inayo. ndalowa zitseko zikutsekeka, chipewa changa chatsala pa pulatifomu

[13:43] Pei Shan: zkomo zkomo zkomo. apatseni chotsekemera

[13:45] Suhaimi: ndapempha switi kwa mai wina. wadya. milomo yauma

[13:46] Suhaimi: wadzinyowetsa. ndamumanga jekete langa m'chiuno. anthu asiya malo motizungulira ngati tili ndi nthenda

[13:46] Pei Shan: mayo adadi

[13:47] Pei Shan: apatseni foni ndilankhule nawo

[13:51] Suhaimi: wakana. akuti salandira foni ya munthu wosamudziwa

[13:51] Pei Shan: wosamudziwa?

[13:54] Suhaimi: ndamuti Teck, ndine. wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato nkuti, pepani bwana, malo awa ndasungira mnzanga. akuti lero akutsegula Bukit Brown, ndipo anapangana ndi mnzake kuti adzakhale mu sitima yoyamba kuimapo. tinapanganadi. kalekale

[13:55] Suhaimi: ndamufunsa mnzakeyo ndani. akuti Suhaimi. wochedwa nthawi zonse, koma munthu wabwino

[13:55] Suhaimi: ndati Suhaimiyo ndine. waseka. akuti Suhaimi ali ndi tsitsi

[13:57] Pei Shan: ankolo pepani

[13:59] Suhaimi: masiginolo akutchula onse. tisanafike pa iliyonse akuyamba wanena nambala. sanaphonye ngakhale imodzi

[14:02] Suhaimi: pa Bishan watsika yekha, wayenda mpaka mbali inayo, tikubwerera. wakhala akuchita zimenezi kuyambira m'mawa. dikira pomwepo, chitseko choyamba

[14:03] Pei Shan: ndauza a pa ofesi, abweretsa njinga ya olumala. ambulansi ikubwera

[14:10] Suhaimi: (uthenga wa mawu, 0:19) "Tamvera wekha." Phokoso la njanji. Mawu a nkhalamba: "Ichepetsa liwiro, muone. Tsopano. Tsopano iima. Aa. Yadutsanso. Mwina yotsatirayo, bwana."

[14:11] Suhaimi: akuti satsika mpaka iime. wagwira chitsulo ndi manja awiri

[14:11] Pei Shan: musawakoke. amamenya akaopa

[14:12] Suhaimi: sindimukoka

[14:16] Suhaimi: taona kumanzere kwako. tatsika

[16:40] Pei Shan: awagoneka. shuga anatsika kwambiri, madzi m'thupi munalibe. adokotala akuti ola lina limodzi zikanakhala zina. mwafika kunyumba?

[16:41] Pei Shan: munawatsitsa bwanji? ine m'mene ndimafika kuchokera ku ofesi anali kale pa pulatifomu akulira

[17:05] Suhaimi: ndinasintha mawu ngati wa pa ntchito. ndinati sitima ino yathera pano, ikupita ku depoti, aliyense atsike. Teck sanaphwanyepo lamulo la sitima moyo wake wonse. anasiya chitsulo nkutsika. atatembenuka anaona anthu ena onse ali chikhalire, zitseko zikutsekeka

[17:06] Suhaimi: swala ya ku mzikiti ndaphonya, bodza ndanena. lachisanu labwino

LACHITATU

[11:15] Pei Shan: ankolo mwadzuka bwanji. takambirana ndi a chipatala. sindingathenso ndekha, ntchito andichenjeza kawiri. papezeka malo ku nyumba yosamalira okalamba ku Yishun. apita lolemba

[11:32] Suhaimi: zitseko zake amakhoma?

[11:32] Pei Shan: eya

[11:50] Suhaimi: wachita bwino mwanawe. usamve za anthu

[11:52] Pei Shan: makope aja amalola awiri okha. ena 39 mungatenge? sindingawataye koma sindingathenso kumawaona

[11:58] Suhaimi: ndibwera ndi mabokosi. a pa gulu akuti awajambula tsamba ndi tsamba. muli masiginolo oti anachotsedwa kale, palibe wina analemba

[11:59] Suhaimi: ndingadzamuone akakhazikika?

[12:00] Pei Shan: lamulungu linalo, 3 koloko

LAMULUNGU

[15:48] Suhaimi: ndili pa benchi panja. watonthola?

[16:20] Pei Shan: pang'ono. anamwino awapatsa mankhwala. dzanja lanu lili bwanji, kapu anakugendani nayo ija inakuchekani?

[16:21] Suhaimi: kachilonda chabe. timakeke ta kuih ndinabweretsa tija ndasiya pa ofesi, ugawire anamwino

[16:25] Suhaimi: wandizindikiratu lero. si zimene timafuna?

[16:26] Pei Shan: ankolo

[16:26] Suhaimi: zoti Suhaimi ndine waiwala, zaka 38 waiwala. koma nkhope ya munthu amene anamutsitsa mu sitima waisunga bwinobwino. "wabodza uja ndi uyu." mutu wa Teck sunalephere mayeso

[16:41] Pei Shan: anamwino apempha kt musabwerenso kaye. akuti zimawasokoneza masiku angapo. nthawi ino si ine ndkukuletsani, ndithu

[16:58] Suhaimi: ndamva

[17:30] Pei Shan: akufunsabe kt Suhaimi abwera liti. ndiwauze chani

[17:44] Suhaimi: uziti wachedwa. akhulupirira

LACHINAYI

[10:12] Suhaimi: (vidiyo, 4:50)

[10:13] Suhaimi: windo lakutsogolo, Caldecott mpaka Botanic Gardens. umuonetse. usanene wajambula ndani

[18:05] Pei Shan: aonera kasanu. atchula nambala za masiginolo zonse, mpaka agogo a bedi loyandikana anawaombera m'manja. adya mbale yonse ya phala, koyamba chibwerereni kuno

[18:06] Pei Shan: koma akuti wojambulayo ndi mbuli. waima mbali yolakwika, galasi likuwala, ndipo dzanja likugwedera ngati la chidakwa

[18:09] Suhaimi: kkkkkk galu ameneyo. umuuze ndikonza sabata ya mawa

[18:09] Suhaimi: ayi usamuuze

LACHINAYI, PATAPITA MASABATA ASANU

[10:20] Suhaimi: (vidiyo, 6:02)

[10:21] Suhaimi: ya lero ndi njanji ya Downtown, pokhota paja amapakonda. ya sabata yatha anaonera?

[19:14] Pei Shan: pepani ndinali ndisanayankhe. anaonera theka. atchula ziwiri, imodzi analakwitsa, anazindikira okha nkukwiya

[19:15] Pei Shan: ya lero sanatchule kanthu. amangoyang'ana. kenako andifunsa kt bwanji TV yazima, muli mdima okhaokha

[19:40] Suhaimi: anali atatopa mwina

[19:52] Pei Shan: mwina

[19:53] Pei Shan: ankolo musamavutike. mawondo anu aja, kuima ulendo wonse

[20:01] Suhaimi: amafunsabe za ine?

[20:30] Pei Shan: ayi. asiya sabata yatha

LACHINAYI

[10:08] Suhaimi: (vidiyo, 5:11)

[10:09] Suhaimi: ngakhale asayang'ane, ungoiika pafupi ndi khutu. phokoso la njanji lamveka bwino lero

[14:30] Suhaimi: Pei Shan

[17:55] Suhaimi: ukapeza mpata undiyankhe mwanawe