Amayi Ayambanso Kuona

Okondedwa Amalume,

Landirani moni wa tonse kuno. Ana ali bwino.

Amayi anawachita opaleshoni ya ng'ala mwezi watha. Adokotala anawaika kagalasi m'diso kowathandiza kuona pafupi ndi patali pomwe. Pano akulowetsa okha ulusi pasingano, ndipo andikalipira kale kuti makatani ada.

Koma Lachiwiri masana, ine ndikusita, anati, "Mpatseni mpando mlongo wangayo. Waima pazenerapo kuyambira m'mawa, malaya atanyowa." Nditasuzumira, panalibe munthu.

Ndinabwerera nawo kuchipatala. Adokotala atawaunika anati kagalasiko kakhazikika bwinobwino pamalo pake. Amayi anawerenga zilembo zonse zapakhoma, mpaka ting'onoting'ono tam'munsi.

Dzulo Amayi anati mwameta ndevu, ndipo dzanja lamanzere mwalimanga bandeji. Chonsecho sitinakuoneni zaka zisanu ndi chimodzi. Foni yanu ikungoitana osayankhidwa, ndiye chonde tilembereni ngakhale mzere umodzi.

Panopa Amayi akuti mwachoka pazenera paja. Akuti mwalowa, mwaima kumbuyo kwangaku, mukuwerenga zimene ndikulembazi. Ine sindinacheuke.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu