Ufa wa Ng'ombe M'nsagwada Mwanga

Lolemba, 6 Meyi

Dzino lakutsogolo lija lapita. Lija linasweka ng'ombe itandikankhira geti kumaso. Dokotala Perera wa ku Roma, tauni ya kwathu kuno, walizula bwinobwino, kenako m'dzenjemo wathiramo ufa wa fupa n'kusoka. Akuti dzino likachoka, fupa la nsagwada limayamba kuphwa, ndiye kachitsulo kogwira dzino latsopano kamasowa pomangirira. Ndinakumbuka pakamwa pa malemu amayi, mmene panalowera m'kati, mano ali m'kapu pawindo. Ine ayi.

Ndinafunsa kuti ufawo ndi wa chiyani. Akuti wa ng'ombe! Amuna anga a Des aseka msewu wonse pobwerera, amvekere, "Zaka zonsezi ukuzigulitsa, lero zakulowa m'kamwa."

Malamulo a milungu iwiri: osalavula, osayamwa kanthu, osaimba likhweru. Ndikasokoneza chilondacho ufa utha kutuluka, fupa osagwira.

Lachiwiri, 7 Meyi

Mlomo ngati wolumidwa ndi mavu. Supu wa maungu m'mawa, supu wa maungu madzulo.

Lachinayi, 9 Meyi

Lole yotenga ng'ombe ikubwera Loweruka, ndipo sizisintha. Vuto ndi agalu okusa ng'ombezo. Mozzie ndi mwana wake Tuppence amamva likhweru langa basi, lija ndimaimba lilime litatsamira dzino lomwe kulibelo. A Des chikwatiraneni sanaimbepo likhweru lomveka, amangopemerera ngati akuziziritsa tiyi. Lero ayesera kuseri kwa shedi. Mozzie anawayang'ana, n'kuyasamula, n'kugona.

A Des anandiuza kuti, "Kamodzi kokha, Noeleen, sungafe nako." Ndawayankha kuti si imfa ndikuopa. Ndikufuna dzino lolimba loti ndidzaimbire likhweru mpaka ndidzakalambe, osati la m'kapu.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndapeza timchenga tiwiri ta ufa uja palilime. Ndaimba foni, namwino akuti tochepa timatuluka ndithu, bola ulusi ulipo. Ulipo, ndaona pagalasi katatu.

Madzulo ndinatenga Mozzie ndi mathole asanu kukayesa kumulamula popanda likhweru. Ndimakweza chipewa, ndimaloza ndi dzanja. Iye maso ali pakamwa panga, kudikira. Zero.

Loweruka, 11 Meyi

Ndilembe ndisanaiwale. Tinayamba dzuwa lisanatuluke, a Des panjinga yamoto kumbuyo, ine pahatchi chakumbali. Zonse zimayenda bwino mpaka pafupi ndi khola, pomwe msoti wina wa ng'ombe, wofiira wamisala, unapatuka kulunjika kuchigwa. Zinzake khumi pambuyo. Zikalowa m'zitsamba zakumeneko ndiye kuti tsiku latha, lole ibwerera yopanda kanthu.

A Des akukuwa, "Imba, mayi iwe, imba!"

Lilime linali litapita kale pamalo pake. Ndinamva ulusi ukundikanda, ndinatseka pakamwa. Mozzie anali ataima chapatali, khutu limodzi m'mwamba, akundiyang'ana. Ndinaimirira pahatchi, ndinavula chipewa n'kuchizunguza kumanzere ndi mkono wonse ngati wamisala. Anandiyang'anabe kanthawi kotalika zedi. Kenako liwiro, kuzungulira kumanzere mmene ndimafunira, Tuppence pambuyo pake. Anakaudulira kutsogolo msotiwo, kuuluma pamphuno, gulu lonse n'kutembenuka.

Zonse zakwera lole, palibe yotsala. Woyendetsa anafunsa a Des kuti kodi akazi awo salankhula. Iwo akuti, "Achimwene, mwangofika sabata yabwino."

Ndikunyada, ndipo sindikubisa. Ndanyadira galu wanga, ndadzinyadiranso ndekha.

Lamulungu, 12 Meyi

Thupi lonse kuphwanya. A Des andiphikira mbatata yosinja osapemphedwa.

Lolemba, 20 Meyi

Ku Roma. Dokotala wachotsa ulusi, wayang'ana ndi kagalasi kake, akuti nkhama zatseka bwino, ufa uli m'malo. Miyezi inayi kapena isanu fupa ligwire, kenako kachitsulo, kenako dzino. Anafunsa ngati ndinasunga malamulo. A Des ndi amene anayankha, n'kufotokoza za msoti yonse, mpaka kuzunguza chipewa chawo m'chipinda cha anthu.

Akuti likhweru lapansipansi ndingathe kuyesa tsopano. Titafika kunyumba ndinaima pageti n'kuyesa. Panangotuluka mphepo pampatapo, fyuu, chimodzimodzi a Des. Iwo anatsala pang'ono kugwa ndi phwete.

Mozzie sanatembenuke n'komwe ku phokosolo. Anakhala pansi patsogolo panga, maso ali padzanja langa.