Zitenje Zitatu za Amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku yunivesiteko. Kuno ku Nkhulambe tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Paja munandituma kuwerenga azimayi ovala zitenje za zipani, kuti kafukufuku wanu aonetse chipani chokondedwa kuno. Ndinayambira pakhomo pompano. Amayi ali nazo zitatu, za zipani zitatunso. China anayanikapo nandolo, china amafunda, chatsopanocho ndi chopitira kumaliro. Nditawafunsa amene adzamuvotere, sanasiye kupeta.

"Nsalu ndinalandira, ndipo ndinathokoza," anatero. "Koma movotera muja ndimalowamo ndekha."

Basi, ndasiya kuwerengako. Mutumize mankhwala opaka aja. Ine wogona nawo nyumba imodzi sanandiuze, kaya inu ophunzira adzakuuzani.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Esinati