Phulusa la Lachiwiri Masana

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Akomiti yathu yoona za moto adalengeza kuti chaka chino moto wolusa sufika m'mudzi muno, poti adalambula malire onse.

Lachiwiri masana kudatentha mpaka mapiri ankaoneka ngati akuyandama. Tidagona pansi pa mtengo wa masawu, phulusa likutsika pang'onopang'ono ngati agulugufe akuda. Amayi adati, "Akutentha nzimbe ku esiteti, gonani ana inu." Tidagonadi, kamphepo kakutiwomba, ine n'kumalota mvula. Sizidali nzimbe.

Mukamabwera musaiwale pulasitiki yaikulu yofolera, mvula yayandikira. Mulungu akusungeni.

Udzu wonse umene tidamwetera denga la nyumba yanu udapsa.

Ine mng'ono wanu,
Fatsani