Mapepala a Masamu Amene Ndinanyamula Ndekha

Kumbungu,
14 Novembala 2019.

Okondedwa achimwene a Napari,

Ndine mlongo wanu Sanatu, ngati mukundikumbukabe uko mumzinda wa Kumasi. Akundilembera ndi aphunzitsi a Azindoo, ndipo ndawauza kuti asakometse liwu ngakhale limodzi.

Mwana wanu Tiyumba atangosiya kuyamwa munamuika m'manja mwanga, monga mwambo umanenera, kuti mwana wamkazi aleredwe ndi azakhali ake. Zaka khumi ndi zitatu ndamulera. Inde, ndinanena kuti chaka chino asiye sukulu, ndimuphunzitse kuyenga mafuta a mtedza wa mtengo wa shiya. Ine sindinapondeko m'kalasi, koma ndinagonapo ndi njala?

Ndiye anayamba kubwera ndi mapepala odzaza manambala. "Azakhali, awa ndi masamu, atate akufuna aziona mmene ndikukhozera." Tsiku lililonse la msika ndinkawanyamula ndekha kukapereka kwa dalaivala wa basi yobwera kwanuko. Ndinkayamba ndawaonetsa anzanga ogulitsa mafuta. Mayi Fati mpaka anandiseka: "Iwe Sanatu, pepalalo wagwira chadodolido!" Ine ndinati, "Chadodolido chomwecho, mwana wako angalembe zotere?"

Mwezi watha munabwera n'kumutenga, mukuti mukukamugulira nsapato ku Tamale, mubwerera madzulo. Ndinaphika chakudya cha anthu atatu.

Dzulo ndinapeza pepala lina pansi pa mphasa yake, ndipo ndinapita nalo kusukulu kuti mwina alifuna. Aphunzitsi ataliona anayamba kukanda m'mutu. Akuti anaphunzitsa ana masewera: chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, uwonjezerepo zitatu, mnzako achotse zitatuzo, mawu atuluke. Ndinati, "Chotsani zitatuzo ndimve." Anati, "Amayi, mwina tisatero." Ndinati, "Mwana iwe, ndinaona amayi ako akukwatiwa. Werenga!"

Anawerenga: "Atate, mubwere Loweruka. Munene za nsapato. Azakhali sadziwa kanthu."

Achimwene, ine ndinakuberekani kumsana amayi ali kumunda. Mukanabwera ndi kukhala pakhonde panga n'kunena kuti mwanayu apitirize sukulu, tikanakangana, mwina masiku atatu, koma pamaso. M'malo mwake inu ndi mwana munandisandutsa bulu wonyamula katundu amene sakumudziwa. Si kuchoka kwake kokha kumene kukundiwawa, koma kuti ndinkayenda nawo mapepalawo monyadira.

Aphunzitsiwa akuti andilembere mawu opita kwa Tiyumba m'manambala kuti akondwe. Ndakana. Ine zanga ndimanena poyera.

Sindikupempha kuti mumubweze. Mafuta ndikuyenga ndekha, ndipo akuyera ngati kale.

Moni kwa alamu anga ndi ana onse. Tiyumba musamupatse moni wanga. Mungoonetsetsa kuti wadya asanapite kusukulu kwakeko, chifukwa ameneyo akamva njala sanena, amangokhala chete. Inu simungadziwe.

Ndine mlongo wanu,
Sanatu.